Ntchito Yopita Mumlengalenga: Njira Yake Imayambira M'kalasi

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro ndi ntchito, imene imaunikira achinyamata za ntchito zosiyanasiyana ndi njira yozifikira. Lero tatenga ntchito ya astronaut, munthu wophunzitsidwa kukwera chombo n'kupita mumlengalenga kukagwira ntchito kumeneko. Chiyambire 1961, anthu amene afikako padziko lonse sanakwane ngakhale 1,000. Mwana akanena kuti akadzakula akufuna kudzapita kumwezi, akuluakulu ambiri timangoseka n'kumuuza kuti akasewere. Lero tikufuna timuyankhe mwanayu mwachilungamo, osamunamiza komanso osamugwetsa mphwayi. Muno mu situdiyo ndili ndi aphunzitsi a sayansi a kusekondale. Aphunzitsi, takulandirani.

APHUNZITSI: Zikomo kwambiri achemwali, ndipo moni kwa omvera onse, makamaka ana asukulu.

WOULUTSA: Tiyambe ndi anthu amene anatsegula njirayi. Kodi anali ana a anthu olemera?

APHUNZITSI: Ayi ndithu. Munthu woyamba kupita mumlengalenga anali Yuri Gagarin wa ku Soviet Union. Pa 12 Epulo 1961 anazungulira dziko lapansi kamodzi m'chombo chotchedwa Vostok 1, ulendo wa mphindi 108. Gagarin anabadwira m'mudzi wa Klushino. Bambo ake anali kalipentala, mayi ake ankasamalira ng'ombe zamkaka. Iye anayamba waphunzira ntchito yosungunula zitsulo, kenako anaphunzira kuyendetsa ndege ku Saratov. Patapita zaka ziwiri, mu Juni 1963, kunapita mayi woyamba, Valentina Tereshkova. Mayiyu ankagwira ntchito m'fakitale yoluka nsalu, ndipo pa nthawi yopuma ankaphunzira kudumpha m'ndege ndi parachuti. Anazungulira dziko maulendo 48 m'masiku pafupifupi atatu. Munthu wakuda woyamba anali Arnaldo Tamayo Méndez wa ku Cuba, amene anapita mu Seputembala 1980. Ameneyu anakula ali wamasiye, ndipo ali ndi zaka 13 ankapolisha nsapato za anthu ndi kugulitsa ndiwo zamasamba kuti apeze chakudya.

WOULUTSA: Ndiye kuti umphawi wa kunyumba sunawatsekere njira.

APHUNZITSI: Sunawatsekere. Koma taonani chinthu chimodzi chimene onsewa akufanana. Aliyense anali atadziwa kale ntchito ina, ndipo anaidziwa bwino kuposa anzake. Mfundo imeneyi ndiyo mutu wa zonse zimene ndinene lero. Palibe sukulu imene mwana akakhoza Fomu 4 angapiteko kuti akatenge digiri ya ntchitoyi. Umayamba wakhala injiniya, dokotala, woyendetsa ndege, wasayansi kapena mphunzitsi. Ukaonetsa luso pa ntchito yakoyo, m'pamene mabungwe oona za mumlengalenga amakuganizira.

WOULUTSA: Tatiuzani bwinobwino, mabungwewo amafuna chiyani akamalemba anthu ntchito?

APHUNZITSI: Titenge bungwe la NASA la ku America. Pamene linalengeza za mwayi wa ntchitoyi mu 2024, linafuna zinthu zinayi. Choyamba, munthu akhale nzika ya America. Chachiwiri, akhale ndi digiri yachiwiri, ija timati ya masitazi, pa maphunziro a uinjiniya, masamu, makompyuta kapena sayansi monga biology ndi physics. Digiri ya udokotala amailandiranso. Chachitatu, akhale atagwira ntchito imene anaphunzirayo kwa zaka zosachepera zitatu, ndipo ngati ndi woyendetsa ndege, akhale atayendetsa kwa maola 1,000 iye ali mtsogoleri wa ndegeyo. Chachinayi, madokotala amupime thupi lonse, maso, mtima, kuthamanga kwa magazi, n'kutsimikiza kuti akhoza kupirira ulendo wautali. Bungwe la mayiko a ku Ulaya, la ESA, limafuna zofanana ndi zomwezi, ndipo nalonso limalemba nzika za mayiko amene ali m'bungwelo.

WOULUTSA: Nanga amene amalembera amakhala angati?

APHUNZITSI: Chiwerengero chake n'chodabwitsa. Mu 2020 anthu oposa 12,000 analembera ku NASA, ndipo kumapeto kwa 2021 anasankhapo 10 okha. Ku ESA analembera anthu oposa 22,500, ndipo mu Novembala 2022 anatengapo 17. Tsono tamvani mtundu wa anthu amene amasankhidwa. Pagulu la 2021 lija panali Deniz Burnham, mayi amene anakhala zaka zambiri akuyang'anira ntchito yoboola zitsime za mafuta. Pamagulu a m'mbuyomo, Kate Rubins asanalowe ku NASA ankafufuza za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo kafukufuku wake anamufikitsa mpaka ku Congo. Joseph Acaba anali mphunzitsi wa masamu ndi sayansi, ndipo mu 2023 anakhala mkulu wa ofesi ya oyenda mumlengalenga onse a NASA. Pagulu la ESA panali John McFall wa ku Britain, amene anaduka mwendo wakumanja pangozi ya njinga yamoto ali ndi zaka 19. Iye anapambana mendulo pa mpikisano wothamanga wa anthu aulumali ku Beijing mu 2008, kenako anaphunzira udokotala.

WOULUTSA: Aphunzitsi, anthu 10 pa anthu 12,000! Wachinyamata akamva zimenezi sangangotaya mtima?

APHUNZITSI: N'chifukwa chake ndikufuna ndifotokoze za José Hernández. Makolo ake anachokera ku Mexico, ndipo chaka ndi chaka banja lonse linkayendayenda m'minda ya ku California kugwira ganyu yothyola nkhaka ndi zipatso. Chifukwa chosamukasamuka, José anadziwa Chingerezi ali ndi zaka 12. Mu Disembala 1972, ali ndi zaka 10, anaonera pa wailesi yakanema anthu a chombo cha Apollo 17 akuyenda pamwezi, ndipo mtima wake unatsalira pomwepo. Analimbikira masamu, n'kuphunzira uinjiniya wa zamagetsi mpaka digiri yachiwiri. Atayamba ntchito, anathandiza nawo kupanga makina ounikira khansa ya m'mawere. Analembera ku NASA, anamukana. Analemberanso, anamukananso, mpaka maulendo 11. Koma akamukana sankangobwereza kalata yomweyo. Ankafufuza kuti amene atengedwawo ali ndi chiyani chimene iye alibe. Ataona kuti ambiri amadziwa kuyendetsa ndege, anaphunzira. Ataona kuti amadziwa kusambira pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya, anaphunziranso. Anaphunzira ngakhale Chirasha. Ulendo wa 12, mu 2004, anamutenga, ndipo mu Ogasiti 2009 anakwera chombo cha Discovery ali ndi zaka 47. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa bamboyu sikunali kopinda manja.

WOULUTSA: Omvera, mwamva nokha. Tipume pang'ono ndi nyimbo, tikabweranso timva zimene zimachitika munthu akasankhidwa.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za ntchito yopita mumlengalenga. Aphunzitsi, munthu wasankhidwa. Kodi basi akukwera chombo?

APHUNZITSI: Sukulu yeniyeni imayambira pamenepo. Amaphunzira kwa zaka pafupifupi ziwiri asanayambe n'komwe kudikira ulendo. A ku America amaphunzirira ku Johnson Space Center mumzinda wa Houston, a ku Russia ku Star City kufupi ndi Moscow, a ku Ulaya ku Cologne m'dziko la Germany. Amaphunzira mmene makina onse a chombo amagwirira ntchito, kuyendetsa mkono wa loboti, kuuluka m'ndege zaliwiro, chithandizo choyamba cha odwala, Chirasha, ndi mmene angapulumukire ngati chombo chitagwera m'nyanja kapena m'nkhalango yachisanu.

Ndikutengereni ku Houston mukaone phunziro limodzi. Kuli dziwe lalikulu lomangidwa mkati mwa nyumba, mamita 62 mulitali, 31 mulifupi, ndi 12 kuya kwake. Pansi pa madzi anaikamo zitsulo zopangidwa mofanana ndi siteshoni ya mumlengalenga. Wophunzira amavala chovala choyera chija, cholemera makilogalamu oposa 100, ndipo sangachivale yekha, amachita kumuveka. Akamaliza, makina onyamulira katundu amamutsitsira m'madzi. Akatswiri osambira amamumangirira zolemetsa ndi zoyandamitsa mpaka afike poti sakumira komanso sakuyandama, wangoti lende pakati pa madzi. Akatero amayamba ntchito: kumasula mabawuti, kulumikiza mawaya, kusintha batire. Chovalacho n'chopopedwa mpweya, choncho magolovesi ake amalimba, ndipo kungofumbata sipanala kumafuna mphamvu. Amakhala mmenemo mpaka maola asanu ndi limodzi, akumwa madzi a m'kathumba ka mkati mwa chovala. Potuluka, zala zimakhala zitatupa, mapewa akuphwanya, ndipo ena zikhadabo zimachita kusupuka. Amabwereza phunziroli kambirimbiri, kuti tsiku limene adzatuluke kunja kwa siteshoni manja adzakhale atazolowera.

WOULUTSA: Mwatchula siteshoni ya mumlengalenga. Ili kuti, ndipo anthu amakhalamo bwanji?

APHUNZITSI: Dzina lake ndi International Space Station. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu, kuposa pang'ono ulendo wochoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu, mutauimika chilili. Imathamanga makilomita 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko lonse pa mphindi 90 zokha. Anthu a mmenemo amaona dzuwa likutuluka ndi kulowa maulendo 16 pa tsiku. Chiyambire Novembala 2000, simunakhalepo mopanda munthu. Kawirikawiri gulu limakhalamo miyezi isanu ndi umodzi.

Mkatimo zonse zimayandama. Pogona munthu amalowa m'thumba lomangiriridwa kukhoma. Madzi sayenderera, amangoundana n'kumayandama, choncho kusamba n'kudzipukuta ndi kansalu konyowa. Mchere amathira wamadzimadzi, chifukwa wa ufa ukhoza kuuluka n'kulowa anthu m'maso kapena m'makina. Madzi ndi osowa kwambiri, moti thukuta ndi mkodzo amazisefa ndi makina n'kukhalanso madzi abwino akumwa. Mu 2023 anafika pobweza madzi 98 pa 100 alionse. Ntchito yawo yatsiku ndi tsiku ndi kafukufuku wa mankhwala, mbewu, zitsulo ndi thupi la munthu, kukonza makina owonongeka, ngakhale kukonza chimbudzi ndi kupukuta makoma. Dokotala ndi mkulu wa asilikali onse amagwira nawo, palibe wantchito wowasesera.

WOULUTSA: Nanga thupi la munthu limapirira zimenezi?

APHUNZITSI: Limavutika ndithu. Masiku oyamba ambiri amachita nseru ndi chizungulire. Magazi ndi madzi a m'thupi amakwera kumutu, nkhope n'kutupa. Popeza miyendo ndi msana sizinyamula kanthu, minofu imafooka ndipo mafupa amachepa mphamvu, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 mwezi uliwonse. Pofuna kuchepetsa vutoli, amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri tsiku lililonse, atadzimangirira ndi malamba kuti asayandame. Mukadzaona zithunzi za chombo cha Soyuz chitatera m'chipululu cha ku Kazakhstan, mudzaona anthu akuwanyamula n'kuwakhazika pamipando, chifukwa miyendo imakhala itaiwala kulemera kwa thupi. Ndiye palinso za mumtima. Frank Rubio wa NASA anapita kuti akakhale miyezi isanu ndi umodzi, koma chombo chobwerera chitawonongeka anakhala masiku 371, kutali ndi mkazi wake ndi ana. N'chifukwa chake posankha anthu amayang'anitsitsa khalidwe. Munthu wamkwiyo, wodzikonda, wosamva za anzake, ngakhale akhale wanzeru chotani, sangamutsekere m'chipinda chimodzi ndi anthu a mitundu ina kwa theka la chaka.

WOULUTSA: Makolo amene akutimvera ali ndi funso limodzi: kodi ntchitoyi si yoika moyo pachiswe?

APHUNZITSI: Ngozi zilipo, ndipo sitingazibise. Pa 28 Januwale 1986 chombo cha Challenger chinaphulika patangopita masekondi 73 chinyamukire, ndipo anthu onse asanu ndi awiri anafa, kuphatikizapo mphunzitsi Christa McAuliffe. Chinachititsa ndi mphira yotsekera polumikizira roketi, imene inauma chifukwa cha kuzizira kwa m'mawa umenewo. Pa 1 Febuluwale 2003 chombo cha Columbia chinaphwasuka pobwerera kudziko, ndipo anthu enanso asanu ndi awiri anataya miyoyo, chifukwa phiko lake linali litabooka ponyamuka. Ngozi zonse ziwirizi zinayamba ndi kanthu kooneka kakang'ono kamene akuluakulu anakapeputsa. Mwana amene akufuna ntchito ya mtundu uwu aphunzire lero lomwe kuchita zinthu mosamala, kubwereza kuona ntchito yake, ndi kulankhula akaona cholakwika ngakhale pamaso pa akuluakulu.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Tafika m'chigawo chomaliza. Aphunzitsi, mwanena kuti NASA imalemba nzika za America, ESA nzika za ku Ulaya. Nanga mwana wa ku Ntchisi, wa ku Chipata kapena wa ku Angónia ali ndi mwayi wanji?

APHUNZITSI: Ndiyankha mosapita m'mbali. Malawi, Zambia ndi Mozambique alibe ndondomeko yotumiza anthu mumlengalenga. Mark Shuttleworth wa ku South Africa anapita mu Epulo 2002, koma analipira yekha ndalama pafupifupi madola 20 miliyoni. Sara Sabry wa ku Egypt anakwera chombo cha kampani ya Blue Origin mu Ogasiti 2022, ulendo wa mphindi zowerengeka. Maloto amenewa kuno kwathu si achilendo. Mu 1964, pa nthawi imene Zambia inkalandira ufulu, mphunzitsi wa sayansi Edward Mukuka Nkoloso anasonkhanitsa achinyamata kufupi ndi Lusaka n'kumawaphunzitsa ndi cholinga chopita kumwezi. Mtima anali nawo, koma panalibe ndalama, mainjiniya kapena zipangizo, ndipo ntchitoyo inathera panjira.

Komabe dziko silichita kukhala ndi roketi yakeyake kuti litumize munthu. Cuba inalibe. Dziko la United Arab Emirates linayambitsa ndondomeko yake mu 2017, ndipo mu 2019 Hazza Al Mansouri anafika pa siteshoni atakwera chombo cha ku Russia. Mu Epulo 2025 mayiko a mu Africa anatsegula bungwe lawo loona za mumlengalenga, African Space Agency, ku Cairo. Tsiku limene mwayi wotere udzafike kuno, adzafuna anthu amene ali ndi maphunziro kale. Amene adzayambe kukonzeka atamva chilengezo adzakhala atachedwa.

WOULUTSA: Nanga ngati mwayiwo sudzabwera m'moyo wake, maphunziro onsewo apita pachabe?

APHUNZITSI: Ngakhale pang'ono. Anthu amene anaponda pamwezi pakati pa 1969 ndi 1972 ndi 12 okha, koma amene anagwira ntchito kuti afikeko anali pafupifupi 400,000. Mmodzi wa iwo anali Katherine Johnson, mayi wakuda wodziwa masamu, amene ankawerengera njira yoti chombo chidutse. Mu 1962 astronaut John Glenn asananyamuke, anapempha kuti mayiyu atsimikize kaye ngati masamu a kompyuta anali olondola. Mutu umodzi susenza denga. Ntchito za pansi pano zimenezi zayamba kale kupezeka mu Africa. Kumapeto kwa 2022, Zimbabwe ndi Uganda anatumiza masetilaiti awo oyamba, ZIMSAT-1 ndi PearlAfricaSat-1, timabokosi ta masentimita 10 mbali iliyonse, topangidwa ndi mainjiniya a mayikowa amene anakaphunzira ku Kyushu Institute of Technology ku Japan. Ku South Africa, m'dera la Karoo, kuli makina aakulu ounikira nyenyezi a MeerKAT, ndipo Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko ogwirizana nawo pa ntchito ya Square Kilometre Array.

Kuno ku Malawi tikukumbuka namondwe wa Freddy amene anasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023. Namondweyu anayambira kufupi ndi Australia, ndipo masetilaiti anamutsatira kwa mwezi wathunthu, kuyambira pamene ankawoloka nyanja ya Indian Ocean. Zithunzi zotere zimafuna anthu odziwa kuziwerenga, kuti achenjeze anthu a ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe nthawi isanathe, kuti aone mmene mbewu zilili m'minda ndi mmene nkhalango zikuthera. Munthu wophunzira zimenezi ntchito yake ndi yopulumutsa miyoyo.

WOULUTSA: Pomaliza, mwana amene ali Fomu 1 kapena Fomu 2 ayambire pati?

APHUNZITSI: Ayambire pa masamu. Asawathawe ndipo asamvere bodza lija lakuti masamu ndi a anyamata. Posankha maphunziro a Fomu 3, agwiritsitse physics, chemistry ndi biology, ndipo ngati pasukulu pali makompyuta, asawaope. Alimbikire Chingerezi, chifukwa mabuku ambiri a sayansi ali m'chinenero chimenechi. Akakhoza bwino MSCE, uinjiniya uli ku MUBAS ndi ku MUST, masamu ndi physics zili ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi ku Mzuni, udokotala uli ku KUHeS, ndipo za nyengo ndi sayansi ya dziko lapansi zili ku MUST ku Thyolo. Kuyambira 2020 kulinso sukulu ya African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindege topanda munthu. Akatenga digiri yoyamba, afunefune mwayi wa yachiwiri, kuno kapena kunja. Asamale thupi lake, apewe mowa, fodya ndi chamba, achite masewera, aphunzire kusambira pamalo otetezeka pali munthu wamkulu. Ndipo azolowere kugwira ntchito ndi anzake, kaya m'kalabu ya sayansi kapena m'timu ya mpira. Siteshoni ija imadutsanso pamwamba pa dziko lathu, ndipo masiku ena imaoneka ndi maso chakumadzulo kapena m'bandakucha, yowala kwambiri, yosathwanima, ikuyenda kwa mphindi zingapo. Aphunzitsi anzanga, nthawi imene idutse kwanuko imapezeka pa intaneti. Tulutsani ana panja aione, kenako mulowe nawo m'kalasi muwerengere limodzi liwiro lake.





WOULUTSA: Makolo, mwana akakuuzani kuti akufuna kudzapita mumlengalenga, musamuseke. Mufunseni kuti masamu akuyenda bwanji, mumupatse nthawi yowerenga ndi nyali yowerengera, ndipo mwana wamkazi musamuchulukitsire ntchito zapakhomo mpaka kusowa mpata wogwira buku. Inu achinyamata, m'mera mpoyamba. Mwina simudzakwera chombo, koma njira imeneyi idzakusiyani muli injiniya, dokotala kapena katswiri wa zanyengo, ndipo anthu otere dziko lathu likuwasowa kwambiri. Pulogalamu yathu yathera pamenepa.

[NYIMBO YOTSEKERA]